Zimene Ndaphunzira pa Mayina a Zipangizo za Klatchi ndi Flywheel ya Thirakitala

Pa maphunziro anga a umakaniko wa makina a ulimi, gawo la klatchi ndi flywheel ndi limene landikakamiza kukhala pansi ndi buku nthawi yaitali, chifukwa zipangizo zake zonse zimakhala zobisika m'chitsulo chotsekeka pakati pa injini ndi giyabokosi. Mathirakitala ambiri, monga Massey Ferguson 135 imene inayamba kupangidwa mu 1964, alibe chassis, chimango chachitsulo chonyamula thupi, ngati ya galimoto, moti injini ndi giyabokosi zomangidwa pamodzi ndi mabawuti ndizo zimanyamula thupi lonse. Munthu akafuna kufika pa klatchi ayenera kuigawa thirakitala pakati, kutchinjiriza mbali zonse ziwiri ndi jeke ndi matabwa olimba, kenako kukankhira mbali imodzi kutali. Ntchito imeneyi ndi yolemetsa ndiponso yodula, choncho makaniko amayenera kuzindikira vuto, kulifotokozera mwini thirakitala ndi kuitanitsa sipeya yoyenera asanachione chipangizocho ndi maso. Zonsezi zimachitika ndi mawu, ndipo amene sadziwa mayina amagula chinthu cholakwika.

Njira imene yandithandiza ndi yotsatira mphamvu kuchokera mu injini mpaka m'giyabokosi, n'kumatchula chipangizo chilichonse pamalo pamene mphamvuyo ikuchipeza.

Choyamba ndi flywheel, gudumu lolemera lachitsulo lomangiriridwa kumapeto kwa crankshaft, shafuti yaikulu ya injini imene mapisitoni amaizunguza. Injini ya dizilo ya Perkins AD3.152 imene ili mu MF 135 ili ndi masilinda atatu, ndipo silinda iliyonse imaphulitsa mafuta kamodzi kokha crankshaft ikazungulira kawiri. Izi zikutanthauza kuti kukankha kumabwera pa madigiri 240 alionse, pamene kukankhako sikupitirira madigiri 180, kotero pamakhala kampata pamene palibe pisitoni imene ikupereka mphamvu. Kulemera kwa flywheel ndiko kumapitiriza kuzungulira pa kampatako kuti injini isamadukize. Aliyense amene anaimapo pafupi ndi injini ya dizilo ya silinda imodzi pa chigayo anaona gudumu lalikulu likuzungulira pambali pake, ndipo ntchito yake ndi yomweyi, kungoti m'thirakitala ndi lophimbidwa.

Pa flywheel pali zinthu zitatu zimene zili ndi mayina akeake. M'mphepete mwake muli ring gear, mkombero wa mano umene giya yaing'ono ya sitata imalumapo poliza injini. Mkombero umenewu samaumanga ndi mabawuti, amautenthetsa kuti ufutukuke, n'kuuveka pa flywheel, ndipo ukazizira umagwira zolimba. Sitata ikamangokukuta osazunguza injini, nthawi zambiri mano a ring gear amakhala atadyeka, ndipo amadyeka kwambiri pamalo ochepa okha chifukwa injini ikazima imakonda kuima pamalo amodzimodzi. Pakati penipeni pali pilot bearing, imene mabuku a ku Britain amaitchulanso kuti spigot bearing, yogwiriziza nsonga ya shafuti yolowa m'giyabokosi kuti isagwedere. Chachitatu ndi nkhope yosalala imene klatchi imatsamirapo.

Pa nkhope imeneyo pamakhala clutch plate, imene mabuku ena amalemba kuti driven plate kapena clutch disc. Mbali zonse ziwiri za mbale imeneyi zili ndi lining, chikamba chokhakhala chogwira pa chitsulo, yomangidwa ndi marivet, ndipo pakati pake pali hub, kachitsulo kamphako kolowamo shafuti, yokhala ndi timizere totchedwa splines tolumana ndi timizere ta pa shafuti. Timasipuling'i tozungulira hub pa mbale zina timachepetsa kugunda pamene mphamvu ikuyamba kulowa. Kuseri kwake kuli pressure plate, imene masipuling'i amphamvu amaikankha kuti ipanikize mbaleyo pa flywheel. Dalaivala akaponda pedulo, chitsulo champhanda chotchedwa fork chimakankha release bearing, iyo imakankha timikono totchedwa release levers kapena fingers, ndipo timikonoto timakokera pressure plate m'mbuyo kuti mbale imasuke.

Release bearing ndiyo imasokoneza ophunzira ambiri, chifukwa ili ndi mayina atatu. Ena amati thrust bearing, ndipo mabuku a ku America amati throw-out bearing, koma chipangizo ndi chimodzi. Choopsa n'chakuti mu injini mulinso zipangizo zina zokhala ndi mawu akuti thrust, zimene zimaletsa crankshaft kusuntha kutsogolo ndi kumbuyo, motero munthu wongonena kuti thrust pa kauntala ya masipeya akhoza kupatsidwa chinthu cha m'kati mwa injini. Ine ndaona kuti ndi bwino kutchula dzina pamodzi ndi malo ake, ndiponso kukhala ndi nambala ya sipeya yochokera m'buku la thirakitalayo.

Mbali imene yandikondweretsa koposa ndi ya dual clutch, imene imatchedwanso two-stage clutch. M'kati mwake muli mbale ziwiri. Pa MF 135 yaikulu ndi ya mainchi 11 ndipo imayendetsa matayala, pamene yaing'ono ya mainchi 9 imayendetsa PTO, shafuti ya kumbuyo imene kawirikawiri imazungulira maulendo 540 pa mphindi poyendetsa makina monga otchetchera udzu kapena opukusira chimanga. Mbale iliyonse ili ndi shafuti yake, ndipo shafuti ya mbale ya PTO ndi yamphako kuti inzake idutse m'kati mwake. Pedulo ikapondedwa mpaka pakati, thirakitala imaima koma PTO ndi pampu ya hydraulic zimapitiriza kugwira ntchito, ndipo ikapondedwa mpaka pansi zonse zimaima. Ubwino wake umaoneka m'munda. Makina otchetchera akatsamwa ndi udzu wambiri, dalaivala amaimitsa matayala okha, makinawo n'kumaliza kutafuna udzu umene unadzadza, kenako ulendo n'kupitirira. Munthu akamvetsa zimenezi, mawu akuti live PTO sakhalanso ofunika kuwaloweza, popeza akungonena PTO imene siima thirakitala ikaima. Pogula mbale, mainchi okha sakwanira, chifukwa kuchuluka kwa splines kumasiyana ngakhale pa mathirakitala a mtundu umodzi, ndipo ndi nzeru kuwerenga timizereto pa mbale yakale.

Mayina a mavuto nawonso ndi ofunika kuwasiyanitsa, chifukwa mwini thirakitala amangonena kuti klatchi yatha. Slip ndi pamene injini ikulira mwamphamvu koma thirakitala yokoka pulawo kapena ngolo yodzadza siikuyenda molingana, ndipo nthawi zina pamamveka fungo la kupserera. Drag ndi pamene mbale siikumasuka kwathunthu, moti magiya amakukuta powalowetsa. Izi zimachitikanso thirakitala ikakhala miyezi yambiri osagwira ntchito, mbale n'kumatirira pa flywheel chifukwa cha dzimbiri. Judder ndi kunjenjemera ponyamuka. Mavuto atatuwa ali ndi zoyambitsa zosiyana, ndipo ena safuna n'komwe kugawa thirakitala. Slip ikhoza kubwera chifukwa chosowa free play, kampata kamene pedulo imayenda isanayambe kukankha release bearing. Lining ikamadyeka kampatako kamachepa, ndipo kakatheratu bearing imangotsamira pa timikono nthawi zonse ngati kuti phazi lili pa pedulo. Kukonza kwake kumachitikira kunja ndi sipanala, motsatira muyeso wa m'buku.

Pansi pa chitsulo chophimba klatchi ya Massey Ferguson pali kabowo kamene mumalendewera split pin, kapini kogawika pawiri, imene imagwedera kuti dothi lisatseke kabowoko. Oyilo akamadontha pamenepo ndiye kuti seal, mphira wotsekera oyilo, ya kumbuyo kwa crankshaft kapena ya shafuti ya giyabokosi yatha, ndipo oyiloyo akafika pa lining amabweretsa slip kapena judder. Kuika mbale yatsopano osasintha seal ndi kutaya ndalama za mlimi, chifukwa m'miyezi yochepa thirakitala idzagawidwanso.

Ikagawidwa, nkhope ya flywheel imafunika kuiyang'ana mofatsa. Madontho abuluu ndi timing'alu ting'onoting'ono zimasonyeza kuti inatentha kwambiri, ndipo imayenera kupita kukapalidwa pa makina kuti isalale, ntchito imene imatchedwa skimming. Fumbi la m'menemo si lofunika kuliuzira ndi mpweya, chifukwa malining akale ankapangidwa ndi asbestos amene amawononga mapapo. Pobwezeretsa, mbali ya mbale yolembedwa kuti flywheel side imayang'ana ku injini, ndipo chida cholunjikitsira chotchedwa alignment tool chimagwira mbale zonse ziwiri pakati penipeni mpaka mabawuti atamangidwa, apo ayi mashafuti amakana kulowa pokankhanitsa mbali ziwiri za thirakitala. Pilot bearing ndi release bearing ndi zotsika mtengo poyerekeza ndi ntchito yogawa thirakitala, choncho n'koyenera kuzisintha nthawi yomweyo ngakhale zikuoneka ngati zikadali bwino.