Ayambe agulitsa, dzina libwera pambuyo

Aphunzitsi ambiri akafika pa mutu wa kuyambitsa bizinesi amayambira kumapeto. Tsiku loyamba ana agawidwa m'magulu, auzidwa kupeza dzina la kampani ndi kujambula chizindikiro, ndipo pofika Lachisanu kalasi yadzaza ndi makampani amene sanagulitsepo ngakhale switi imodzi. Ana amakondwa, kujambula n'kokoma. Koma mufunseni mwana wotereyu kuti paketi imodzi ya katundu wake yamudyera zingati, angokuyang'anani. Ine ndimati, aphunzitsi anzanga, dongosololi tilitembenuze: ayambe agulitsa, kenako atche dzina, ndipo kuima pamaso pa anthu kupempha mpamba kukhale komalizira, popeza zokanena kumeneko zichokera m'buku la ndalama.

Sabata yoyamba asakhale m'kalasi. Apite pageti pa sukulu nthawi yopuma, kapena kumisika ya kuno ku Chipata, wa Kapata ndi wa Saturday Market, akaone zimene anthu akugula ndi zimene akufunsa n'kusowa. Aliyense alankhule ndi anthu khumi. Funso lakuti "kodi mungagule?" liletseni. Anthu athu ndi aulemu, mwana wa sukulu samukana pamaso, onse ayankha kuti inde. Afunse zimene zinachitika kale: munagula liti komaliza, kwa yani, pa zingati, ndipo n'chiyani sichinakusangalatseni?

Akabwerako, gulu la ana asanu lisankhe chinthu chimodzi, ndipo mpamba usapitirire K200. Ndalama zochepa zimaphunzitsa bwino, chifukwa cholakwa chimaonekera msanga ndipo sichipha munthu.

Tiyerekeze kuti asankha mtedza wokazinga, poti kuno kum'mawa kwa Zambia ndiko kwawo kwa mtedza. Mitengo iyi ndi yachitsanzo, inu muike ya sabata imeneyo. Agula mtedza wosenda makilogalamu 5 pa K30 kilogalamu imodzi, ndiyo K150. Makala K20, timapulasitiki K15, mchere K5. Zonse K190. Ana amawerengera motere: makilogalamu 5 atulutsa mapaketi 100 a magalamu 50, tikagulitsa pa K2 tipeza K200, phindu K10. Apa ndi pamene mphunzitsi ayenera kukhala chete n'kuwasiya akazinge. Akasankha n'kutaya wofota ndi wa chuku, akakazinga chinyezi n'kuchoka, makoko n'kuuluka, tinene kuti atsala ndi makilogalamu 4.5. Mapaketi ndi 90, osati 100. Pa K2 apeza K180, ndiye kuti agwira ntchito tsiku lonse n'kutaya K10. Paketi imodzi yawadyera pafupifupi K2.11. Pa K3 apeza K270, ndipo mpamba ubwerera akagulitsa paketi ya nambala 64. Kuchokera pamenepo mpamene akudya phindu. Nambala imeneyi, 64, mwana aliyense m'gulumo aidziwe pamtima.

Wa chukuyo asaubwezere m'chiwaya pofuna kukwanitsa mapaketi. Poizoni wa chuku, aflatoxin, satha ndi kukazinga, ndipo amawononga chiwindi.

Zolakwika zina n'zodziwikiratu. Kuyeza ndi dzanja: dzanja la mwana limakula akamapakira mnzake, choncho pakhale sikelo kapena kapu imodzi yodulidwa pamlingo. Kumata mtedza ukadali wotentha: nthunzi imakhalira m'pulasitiki, mawa mtedza wafewa, wogula sabweranso, auyale uzizire kaye. Kulawa: aliyense akatapa pang'ono mapaketi asanu apita, ndiye wolawa alembedwe m'buku ngati wogula. Ndipo ngongole, imene imagwetsa magulu ambiri kuposa china chilichonse. Anzawo a m'kalasi amatenga n'kuti alipira Lolemba, ndipo ena mwa ovuta kulipira ndife aphunzitsi, poti mwana sangabwere ku ofesi kudzatilonjerera. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Lamulo likhale lakuti temu yonse palibe ngongole. Wosunga ndalama akhale wina, wolemba buku wina, ndipo awerengere pamodzi tsiku lililonse gulu lonse likuona. Akalandira kudzera pa Airtel Money kapena MTN, akumbukire kuti potapa pamadulidwa kenakake, nako kalowe m'buku.

Akagulitsa masabata atatu, tsopano nkhani ya dzina ili ndi pogwira. Afunseni kuti amene abwera kawiri kapena katatu akubwereranji. Yankho limakhala laling'ono: mtedza wanu suwawa, mchere ngwokwanira, paketi imadzaza mofanana masiku onse. Dzina ndi lebulo ntchito yake ndi kuthandiza wogula kupezanso chinthu chimene chinamukomeracho. Ngati lero mtedza wapserera, mawa ndi wosapsa, dzinalo lingomuthandiza kudziwa woti amupewe.

Chitsanzo chabwino tili nacho pafupi. Chiponde, uchi ndi mpunga wa ku Chama za COMACO, kampani yogula mbewu kwa alimi akumidzi, zimagulitsidwa pa dzina la It's Wild!, ndipo kumbuyo kwa dzinalo kuli nkhani imodzi yomveka: alimi a m'chigwa cha Luangwa amene asiya kupha nyama zakutchire akulima mosamala nthaka, ndipo wogula akuwathandiza. Bweretsani botolo limodzi m'kalasi, ana awerenge zonse zolembedwapo, anene kuti mawu aliwonse akugwira ntchito yanji.

Dzina aliyese chonchi: alitchule kamodzi pafoni kwa munthu amene sanalimvepo, iye alilembe. Akalephera kulemba, dzinalo silingayende pakamwa pa anthu. La Chinyanja asachite nalo manyazi. Ogula awo ambiri ndi omwewa a pakantemba ndi a njinga zonyamula anthu. Lebulo ikhale ya mtundu umodzi, yakuda papepala loyera, chifukwa fotokope ndi imene angakwanitse. Pepala la A4 likadulidwa mizere itatu m'lifupi ndi isanu ndi itatu m'litali limatulutsa malebulo 24. Palembedwe dzina, kulemera kwake, zimene zilimo, tsiku lopakira ndi nambala ya foni. Aiike patebulo, abwerere m'mbuyo mapazi atatu. Dzina likapanda kuwerengeka, achotse maluwa ndi nyenyezi zonse akulitse zilembo.

Za malamulo zisatenge masabata. Adziwe kuti dzina la bizinesi limalembetsedwa ku PACRA, bungwe la boma lolembetsa makampani, ndipo amayamba afufuza ngati wina sanalitenge kale. Kuti kulembetsa dzina la bizinesi n'kosiyana ndi kuteteza chizindikiro cha malonda, ngakhale zonse zimachitikira ku PACRA komweko. Kuti TPIN, nambala ya wokhoma msonkho, imatengedwa ku ZRA, bungwe la boma lotolera misonkho. Ndi kuti wogulitsa zakudya m'tauni amafunika chilolezo cha khonsolo ndi chiphaso cha zaumoyo. Ali pasukulu agwire ntchito pansi pa kalabu kapena Production Unit, gawo la sukulu lopanga ndi kugulitsa zinthu, popeza ambiri sanakwane zaka 18.

Kupempha mpamba ndiko kumavuta ana athu, ndipo sikuti ndi ogona. Tinawalera kuti pamaso pa akulu azigwetsa nkhope, asadzitame, asapemphe ndalama poyera. Kenako tikuwauza kuti aime chilili adzichemerere kwa mphindi zitatu. N'chifukwa chake amaloweza ndime ya Chingelezi n'kuilakatula maso ali kudenga. Mankhwala ake ndi kuchotsa mwanayo pakati, katundu ndi buku zilankhule. Apereke moni monga mwa mwambo, aike paketi m'manja mwa womvera ndi manja awiri, ndiye anene zimene zinachitika: "Amayi, mtedza uwu timakazinga tokha. Masabata atatu apitawa tagulitsa mapaketi 270 pa K3. Paketi imodzi imatidyera K2.11. Tikupempha K600 yogulira sikelo ndi mtedza wochuluka pano ukadali wotchipa, ndipo tidzabweza K100 sabata iliyonse." Mulibe kudzitama m'menemo, ndipo pempho lili ndi nambala, ntchito yake ndi tsiku lobweza. Ayambe kuyeserera m'chilankhulo chawo. Chingelezi chibwere mfundo zitakhazikika.

Womvera amasiyana, ndipo ana ayeserere onse. Mwini sitolo ku Down Shops, dera la masitolo m'tauni ya Chipata, safuna mbiri ya gulu, afuna kudziwa kuti iye adyapo zingati papaketi, ndani abweretsa katundu, ndipo wosagulidwa abwerera kwa yani. A komiti ya CDF, thumba la boma la chitukuko cha m'madera limene mu 2022 linakwezedwa kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konsitichuwense iliyonse, amayang'ana ngati gulu ndi lolembetsedwa ndiponso anthu angati apindula, ndipo pempho limadzera ku komiti ya chitukuko ya wadi. Ku CEEC, bungwe la boma lobwereketsa nzika ndalama za bizinesi, nkhani yaikulu ndi yakuti ngongoleyo idzabwezedwa bwanji.

Tsiku loyeserera komaliza musaitane aphunzitsi okhaokha. Itanani mayi wogulitsa pamsika ndi mwini kantemba, iwo amafunsa zobaya: mtedza ukakwera mtengo mu Januwale mudzatani? Gulu lina likayamba kugulitsa pa K2.50? Nthawi ya mayeso adzakazinga ndani? Mphindi zitatu zolankhula, zisanu za mafunso. Pochonga, malikisi ambiri apite ku buku la ndalama lolondola ndi kumayankho a mafunsowa. Gulu limene lataya K40 koma likutha kuloza tsamba ndi tsiku limene ndalamayo inatayikira lipose gulu lopeza phindu limene silikudziwa kuti lachokera kuti.