Maola atatu ndikujambula mphuno zanga

Inde, ndi zoona, ndipo inu amene mwasunga m'mafoni mwanu kafayilo kaja kamene ndinati ndajambulamo gitala yanga musavutike kunditumizira, ndinakamva kale. Akupuma ngati ng'ombe yokoka ngolo pamtunda uja ndine. Koma musanathyoke nthiti, amwene, mumve kaye kuti zipangizo zonse ndinasankha bwino. Palibe n'chimodzi chomwe chimene munthu wodziwa ntchitoyi angachinyoze.

Audio interface, kabokosi kolowetsa mawu a maiki kapena a gitala m'kompyuta, ndinatenga ya mabowo awiri, ndipo chimene ndinayang'ana ndi kabatani kolembedwa INST, ena amalemba Hi-Z. Gitala ya magetsi ya mapikapu wamba imafuna polowera pa impedance yaikulu (mlingo wa momwe bowo limakanizira magetsi), pafupifupi 1 megaohm, ndipo ndi zimene kabataniko kamapereka. Mukaibaya pa line, pomwe kawirikawiri pamakhala makilo-ohm 10 kapena kuposerapo pang'ono, mawu akuthwa amathawa, gitala n'kumamveka ngati yafunditsidwa bulangeti. Maiki ndinatenga Shure SM57, yomwe yakhala ikuikidwa kutsogolo kwa maampu kuyambira 1965. Ndi ya mtundu wa dynamic, siifuna magetsi a 48V ochokera mu interface monga zimafunira za mtundu wa condenser, ndipo phokoso la sipika siiliopa. Ya condenser ndinaikana dala, poti imatola chilichonse cha m'chipinda: kulira kwa mpando, fani ya laputopu, kupuma kwa munthu. Mawu amenewa muwasunge.

Ampu yanga ndi ya mavalavu, mawati 15, sipika imodzi ya mainchesi 12. Apanso sindinachite zachibwana. Bowo lopita ku sipika sindinalilumikize ku interface, chifukwa mphamvu yotuluka pamenepo ikhoza kuipsereza, ndipo ampu ya mavalavu siyatsidwa popanda sipika, mungaphe transformer. Ndinaiika m'chipinda china, n'kutseka chitseko, zingwe zikudutsa pansi. Chingwe cha maiki, cha XLR, n'chachitali koma sichidandaula. Cha gitala sindinapitirire mamita 6, poti chikatalika kwambiri chimadya mawu akuthwa.

Kenako inayamba ntchito yosaka malo a maiki. Ndinagwada ndi tochi n'kuunika pansalu ya ampu kuti ndione pomwe sipika ili, chifukwa maampu ena sipika yake siikhala pakati, ndipo alipo anthu amene anajambulapo thabwa. Maiki ikaloza pakatikati pa sipika, mawu amathwa mpaka kulasa m'makutu. Ikasunthira m'mphepete amafewa, kenako amada. Mukaiyandikiza kwambiri besi imachuluka. Ndinkasuntha sentimita imodzi, kutseka chitseko, kuthamangira kumpando, kuvala mahedifoni, kuimba, kupukusa mutu, kubwereranso. Ulendo umenewu ndinauyenda mpaka chitseko chinayamba kundidziwa. Pomaliza ndinapeza pabwino, pomwe kachipewa ka pakati kamakumana ndi pepala la sipika, masentimita atatu kuchoka pansalu. M'mahedifoni munamveka gitala yoti munthu ukhoza kulira nayo. Ndipo ndikulumbira, mawu amenewo analipodi. Sindinalote.

Msampha unali apa. Laputopu yanga ndi yokalamba. Ndikaika buffer, kamtolo ka mawu kamene kompyuta imasonkhanitsa isanawagwirire ntchito, pa masampulo 128, omwe pa 48 kHz satha ngakhale mamilisekondi atatu, imayamba kuthetheka ngati moto wa tsekera. Ndikaika pa 1024 imakhazikika, koma amenewo ndi mamilisekondi 21 polowa, enanso otero potuluka, ndiye umakhudza nsambo lero mawu n'kubwera mawa. Mankhwala ake ndi direct monitor: mawu amachoka pa maiki n'kupita m'mahedifoni ali m'kati mwa interface momwemo, osadutsa m'kompyuta. Ndinapotoza kabataniko, kuchedwa konse kunatha, ine n'kudziyamikira.

Osadutsa m'kompyuta. Mwamva?

Driver ya ASIO, yomwe imalumikiza interface ndi pulogalamu, ndinaiika ndithu, koma m'pulogalamu yojambulira sindinaisankhe. Pulogalamuyo inangotenga chimene inapeza, ndipo chimene inapeza ndi kamaiki ka laputopu, kabowo kochepa ngati diso la singano pafupi ndi kamera, kamene kanali moyang'anizana ndi mphuno zanga.

Ena mukuti, kodi mita yoonetsa mphamvu ya mawu olowa sunaione? Ndinaiona, achimwene, ndipo inkayenda! Ndikakhudza nsambo inkadumpha, ndikasiya inkatsika. Inkasewera cha m'ma -18 dB, malo enieni amene munthu wojambula pa 24 bit amafuna, kuti pamwamba patsale mpata mawu asaphwanyike. Ndinaiyang'ana n'kunena kuti gain, kabatani kokwezera mawu olowa, ndaitchera ngati katswiri. Sindinadziwe kuti imene ikudumphayo ndi mpweya wanga.

Nditamaliza cha m'ma 1 koloko usiku ndinadina play, m'mahedifoni munali zii. Chifukwa chake n'choti nyimbo inkatulukira ku masipika a laputopu, omwe ndinali nditawatseka. Koma mutu wanga unapeza yankho lina msanga: kabatani ka monitor kali mbali ya input, n'chifukwa chake sindikumva. Yankho lanzeru, lomveka, la munthu wowerenga. Safunsa adadya phula, koma ine ndinafunsa ndithu, kungoti ndinadzifunsa ndekha. Mafunde pa sikirini ankaoneka, ndiye ndinatulutsa fayilo n'kuitumiza kwa inu nonse ndi mawu akuti "mverani tone iyi, kenako mundiuze ngati situdiyo n'njofunika."

M'mawa ndinapeza foni yadzaza. Ndinavala mahedifoni n'kutsegula.

Poyamba pamamveka mpando: kwiii. Kenako munthu akukoka mpweya, wautali, ngati akufuna kumira padziwe. Kenako nsambo zouma, zopanda ampu, tiki tiki tiki, ngati khoswe akuyenda padenga la malata. Kutali kwambiri, kuseri kwa chitseko, kukumveka kanthu kolira ngati udzudzu wotsekeredwa m'botolo. Imeneyo ndiye ampu yanga ya mavalavu, ndi SM57 yake, ndi masentimita atatu ake. Ndiye mphuno zimalowa. Sindinkadziwa kuti mphuno yanga yakumanzere ili ndi likhweru, koma ilinalo, ndipo limalira ndikamakoka mpweya basi, potulutsa ayi. Fwii, tiki tiki, fwii, tiki tiki. Phazi nalo likuponda pansi, di di di, ndipo likuthamanga kuposa liwiro la nyimboyo.

Pofika pa solo m'pamene ndinavula mahedifoni n'kuyamba ndayenda kaye. Kani ine ndikamaimba solo ndimaiimbanso ndi pakamwa! Zaka zonsezi palibe anandiuzapo, poti ampu inkandibisa. Noti iliyonse ndikuitsatira, "nyeee, nyiii, wawawa," ndipo palibe imodzi imene ndaigunda pamalo pake. Pokoka nsambo ndikubuula ngati munthu wonyamula thumba la simenti. Pa mphindi yachiwiri ndi masekondi 14 pamabwera chete pang'ono, kenako mawu anga, omveka bwino kuposa china chilichonse m'fayilo monse, onong'ona mwachikondi: "Eya. Eyaaa. Ndiwe woopsa iwe." Ndinali ndekha m'chipindamo. Ndinkadziuza ndekha. Ndipo ndinayankha: "Ndikudziwa."

Apa ndiye pamene mwadula n'kumatumizirana, ndikudziwa.

Komabe tiyeni tinene chilungamo. Kamaiki kaja kanagwira ntchito yake mokhulupirika, ndipo katsimikiza zomwe ndinanena, kuti maiki yotola chipinda chonse si yabwino pa gitala. Mfundo yanga inali yolondola, kungoti umboni wake ndi ine. Ndiponso amene mukuseka kwambirinu, si inu munayatsa condenser popanda kudina 48V n'kuibweza kuti ndi yakufa? Sinditchula dzina.

Chimene chikanandipulumutsa sichitha ngakhale mphindi. Mukasankha interface m'pulogalamu, pa input ndi pa output pomwe, tsitsani gain ya pa interface mpaka pansi n'kuimba. Mita ya m'pulogalamu ikapitiriza kuyenda monga kale osatsika, ikumvera wina. Kapena ombani m'manja pafupi ndi laputopu, maiki ili kuchipinda china: ikadumpha, mwagwidwa. Kenako jambulani masekondi 10, tsekani direct monitor, mvetserani zimene zalowadi. Bowo lachiwiri lija musalisiye lopanda ntchito. Gitala idutse mu DI box, kabokosi kogawa mawu ake pawiri, mbali ina ipite ku ampu, ina ku interface, kuti mukhale ndi mawu ouma oti mukhoza kuwapititsa mu amp simulator, pulogalamu yotsanzira ampu, pambuyo pake. Pamenepo musaiwale kuyatsa impulse response ya kabineti, yomwe imatsanzira bokosi la sipika, apo ayi distortion imamveka ngati njuchi zolusa. Ine DI box ndinali nayo. Inali m'katoni, poti ndinati usiku umenewo sindikufuna zambiri.

Ndajambulanso dzulo, zonse zili m'malo mwake, ASIO yasankhidwa, mita ikumvera maiki yoyenera. Kamvekedwe n'kabwino zedi. Koma solo ija yakana kubwera. Ndayesa kasanu nditatseka pakamwa, zala zikungosochera. Kachisanu ndi chimodzi ndinayang'ana chitseko, ndinayang'ana laputopu, n'kumata kabowo kaja ndi selotepi.

Selotepi siitseka mawu kwenikweni. Komabe ilipo.