Loweruka la msonkhano wa kudambo

Ndinadzuka mbandakucha kuti ndikaone ng'ombe za malume zisanatuluke m'khola, ndipo zomwe ndinaona sizinandisangalatse. Nthiti za ng'ombe ziwiri zapangolo zikuwerengeka munthu ali patali, pomwe ntchito yokoka ngolo ya manyowa ikuzidikira mvula isanagwe. Mwezi wa Okutobala ndi umene umaulula ngati dambo likukwanira ziweto za mudzi, chifukwa mu Febuluwale msipu umakhala wofika m'chiuno ndipo aliyense amaganiza kuti akhoza kuwonjezera ng'ombe zina.

Cha m'ma 9 koloko tinakhala pansi pa mkuyu kuti tikambirane za dambo lathu, lomwe lili kumunsi kwa mapiri a Dzalanyama, kumene mtsinje wa Lilongwe umachokera. Agulupu anayamba ndi kukumbutsa anthu za chilala cha 2024, pamene boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi, ndipo ambiri kuno anagulitsa ziweto pa mtengo wolira. Mlangizi wa ziweto anajambula dambo pansi ndi kamtengo, naligawa patatu. Maganizo ake ndi akuti gawo limodzi lizidyetsedwa, lina lizipuma kuti udzu ubereke njere, ndipo lachitatu tizimwetamo udzu mu Epulo usanakhwimitse, n'kuuwumitsa ndi kuusunga pathandala kudikira miyezi ngati ino.

Pamenepa panalibe wotsutsa. Mkangano unabuka pa nkhani ya mapesi, ndipo ine ndikuona kuti apa ndi pamene pagona tsogolo la dongosolo lonseli. Kwa zaka zambiri alangizi a mbewu akhala akutiphunzitsa ulimi wa mtayakhasu, woti mapesi aziphimbira nthaka kuti chinyezi chisathawe, pomwe mwambo wa kuno ndi wakuti anthu akangokolola, ng'ombe zimamasulidwa kuti zidye mapesi m'munda wa aliyense. Mayi wina wamasiye, amene alibe ngakhale mbuzi, anaimirira nati: "Agulupu, ine ndimayala mapesi ndi msana wangawu, ng'ombe za eni n'kubwera kudzatha usiku umodzi. Kodi manyowa a m'khola mwawo amandigawirako?" Eni ng'ombe anangoti zyoli. Ngakhale ndine mphwake wa mwini ng'ombe, ndiyenera kuvomereza kuti mayiyo sanalakwitse.

Tinakambirananso za madimba a tomato ndi kabichi amene chaka ndi chaka akulowerera mkati mwa dambo, za maenje a oumba njerwa, komanso za moto wa anyamata osaka mbewa. Ena amati kutentha kumabweretsa msipu wanthete, ndipo n'zoona kuti palupsa pamaphuka udzu wobiriwira, koma umatha m'masiku ochepa, ndipo moto wa mochedwa chonchi umasiya nthaka yambee yoti mvula yoyamba ingoikokolola. Nkhani ya dibi lomwe linasiya kugwira ntchito kalekale inangotchulidwa mwachidule, ngakhale kuti nkhupakupa ndi chigodola zimapha ana a ng'ombe nthawi ya dzinja.

Pomaliza anagwirizana kuti komiti iwerenge ng'ombe za khola lililonse mwezi uno, malire a madimba akhomedwe zikhomo, ndipo m'mphepete mwa ngalande mubzalidwe nsenjere mvula ikayamba. Za mapesi anati aliyense woweta azidula a m'munda mwake n'kusunga, ndipo wodyetsa m'munda wophimbiridwa azilipira ngolo imodzi ya manyowa. Malume sanayankhule kanthu njira yonse yobwerera. Titafika pakhomo anaima pakhola nthawi yaitali, kenaka anandifunsa mtengo umene mthena wokalamba uja angagulidwe pa msika wa Mitundu, popeza msipu wotsalawu sungafikitse ng'ombe zonse zisanu ndi ziwiri mu Disembala.