Makala m'kati mwa malasha a ku Moatize

Sabata ino yathera m'shedi ya miyala kuno ku migodi ya malasha ya Moatize, m'chigawo cha Tete ku Mozambique. Makina oboola pansi akutulutsa miyala yobulungira, ife n'kumaiyala m'mabokosi, kuyeza, kulemba. Lolemba ndi Lachiwiri kunali miyala ya mchenga ndi ya dongo basi, dzuwa la Okutobala likuswa mtengo.

Lachitatu tinafika pa malasha a Chipanga, mzere wokhuthala kuposa ina yonse kuno. Mnyamata wa ku Ulongwe amene akuphunzira ntchito anaswa chidutswa, zala zake n'kuda bii. "Chefe, awa si makala a pa mbaula awa?" Sanalakwe. Pakati pa malasha onyezimira pamapezeka timizere tofewa tonyenyeka, ndipo pa maikulosikopu tizibowo ta mtengo timaoneka bwinobwino. Imeneyi ndi mitengo imene inapsa isanakwiririke, m'madambo a Glossopteris, mtundu wa mitengo yakale imene inatha, zaka zoposa 250 miliyoni zapitazo.

Kenako anafunsa ngati motowo unayatsidwa ndi chimwala chija chinagwa kuchokera kumwamba n'kutha ma dinosaur. Funsoli linandisangalatsa kwambiri moti Lachinayi nthawi yopuma yonse inathera pamenepo. Yankho ndi ayi. Chimwalacho, chachikulu pafupifupi makilomita 10, chinagwera ku Chicxulub, ku Mexico, zaka 66 miliyoni zapitazo, malasha athu atagona kale pansi zaka pafupifupi 200 miliyoni.

Moto wa chimwalacho uli ndi umboni wakewake. Mu 1980 akatswiri a sayansi Luis ndi Walter Alvarez ndi anzawo anafotokoza za kamzere ka dongo la nthawi imene ma dinosaur anatha, ku Gubbio, ku Italy, kodzaza ndi iridium, chitsulo chosowa pamwamba pa dziko koma chochuluka m'miyala ya kumwamba. Mu 1985 Wendy Wolbach ndi anzake anapeza mwaye wambiri m'dongo la nthawi yomweyo ku Denmark, ku Spain ndi ku New Zealand. Ndiyeno mu 2016 akatswiri anaboola m'chidzenje chenicheni chimene chimwalacho chinasiya, pansi pa nyanja, n'kupeza makala pamwamba pa miyala imene inaunjikana tsiku loyamba chimwalacho chitagwa. Chimene akutsutsanabe n'chakuti kodi dziko lonse linayaka kapena madera ena okha. Claire Belcher anayeza miyala ya nthawiyo ku North America n'kupeza makala ochepa kuposa mmene moto wa dziko lonse ukanasiyira. Ine ndimatsamira kwa iye.

Ndinalimbikira pa mfundo imodzi: makala akusonyeza kuti panayaka moto, koma sakutchula choyatsa. Popanda iridium, popanda timiyala ta quartz tosweka ndi kugunda kwa chimwala, popanda timikanda ta mwala wosungunuka, sitilemba za chimwala m'lipoti. Moto wa ku Moatize, monga wa m'malasha ena a Karoo (gulu la miyala yakale ya kumwera kwa Africa), unkabwera mobwerezabwereza, ndipo choyatsa chomveka ndi mphezi yogwa pa dambo louma.

Lachisanu tinamanga masampulo opita ku labu. Ndapempha kuti atiwerengere kuchuluka kwa inertinite (gawo la malasha limene makala aja ali m'gulu lake) mzere uliwonse, chifukwa ikachuluka malasha sagwirana bwino akamawotchedwa kuti akhale coke ya m'ng'anjo za zitsulo, ndipo ogula amatsitsa mtengo. Fomu yake wadzaza mnyamatayo.