Mlandu wa Mkazi Wamapiko

Inde, mawu aja ndi anga. Lekani kundifunsa pa maliro ndi pakhomo pa tchalitchi ngati ndi inedi. Ndine ndinati, "Achimwene, usiku wathawu anabweranso. Walowera pawindo, mapiko ali tambalale. Ine tulo ayi mpaka kwacha. Mkazi ameneyu sindingamusiye, zivute zitani." Ndipo inde, uthengawo unagwera pa gulu la WhatsApp la sosaite yathu ya maliro, mmene muli madikoni, azimayi a Chigwirizano, apongozi anga ndi mayi a kunyumba. Amene munautumiza mpaka ku Bulawayo ndi ku Ntcheu munatumiza mchira wokha, mutu wake ndi uwu.

Ine ndimalondera usiku ku Workington. Amene sanakhalepo pageti mu June muno mu Harare, mphepo ikulowa m'mafupa, asandiweruze. Munthu umafuna chokutsegula m'maso. Ena amamwa tiyi wa masamba anayi, ena amaimba nyimbo za m'buku. Mnzanga wa geti ya kumbuyo anandiikira buku m'foni, akuti limathandizanso Chingerezi. Ndipo linandithandizadi.

Ndi buku la chikondi, koma chikondi cha anthu ndi zinthu zosakhala anthu. Azungu mabuku oterewa amalemba milumilu. Abale athu ku Mulanje ndi ku Phalombe mu 2017 ankagona panja kuopa anamapopa, koma m'mabukumu namapopa amavala suti, atsikana n'kumamulembera makalata. Kwathu munthu wosanduka fisi timamusamutsa m'mudzi. Kumeneko mnyamata wosanduka mmbulu mwezi ukakhala wathunthu ndiye akumulimbirana. Langa linali la succubus, chiwanda chachikazi chimene anthu a ku Ulaya akale ankati chimadzera mwamuna kutulo n'kumuyamwa mphamvu. Chachimuna chake amati incubus. Cha m'buku langa chinakonda mnyamata wosauka wogwira ntchito usiku. Ndiye muziona nokha chifukwa chake nkhaniyo inandikhudza.

Uthenga uja ndinkatumizira mnzangayo. Galasi la foni yanga linang'aluka kalekale, dzina lake ndi la gulu zimagundizana, ndipo chala chozizidwa sichisankha.

Nditafika ku Dzivarasekwa m'mawa ndinapeza mchere pakhomo, mchere pawindo, mchere m'nsapato zanga za ku tchalitchi. Mayi a kunyumba sanayankhe moni. Mayi wina woyandikana nafe, Mshona, anali atagamula kale kuti ndi mubobobo, matsenga ogona ndi munthu uli patali iye osadziwa. Wina anamutsutsa kuti mubobobo amachita ndi amuna, ichi ndi chikazi chauzimu, andiperekeze ku masowe kwa aneneri a zovala zoyera akandithire madzi. Ine ndikuti ndi buku, onse akungogwedeza mitu mwachisoni. Akuti ogwidwa onse amatero.

Lamulungu masana ankhoswe anafika. Amalume anachokera ku Mabvuku, makombi awiri kudutsa tauni yonse, atavala jekete imene amaivala pa maukwati pokha. Munthuyu anabwera kuno nthawi ya Chitaganya, chisanathe mu 1963, mzinda uno ukadali Salisbury, ndipo milandu ya m'banja waweruza yosawerengeka. Akuchikazi anachokera ku Mufakose ndi Baibulo lalikulu. Ine anandikhazika pa kampando ka ana.

"Iwe," anatero amalume, "mkaziyo kwawo n'kuti?"

"Amalume, alibe kwawo. Ali m'foni."

"Onse masiku ano ali m'foni. Ndikufunsa mudzi ndi mfumu yake."

Ndinapereka foni. Anaitana mwana wa achemwali anga, wa Fomu 4, kuti awerenge n'kumamasulira. Mwanayo anatsegula pamene ndinalekezera, ndipo pamene ndinalekezerapo sipanali poyenera kulekezera munthu wa ana atatu. Anayamba ndi mawu a pa asembule: "Ndipo iye anatsika padenga mwakachetechete, tsitsi lake likununkhira utsi ndi maluwa, nyanga zake zikuwala, mchira wake..."

"Ima pomwepo. Mchira?"

"Eya, agogo."

"Wautali bwanji?"

Mwana anayang'ana m'foni. "Sanalembe."

Amalume anavula magalasi, kuwapukuta, kuwavalanso. M'nyumba munali zii. Ine ndinkaganiza kuti akufuna vesi. Iwo anatembenukira kwa akuchikazi n'kufunsa, ndi nkhope ya pa bwalo la milandu, kuti munthu wamchira akafuna kukhala pampando mchirawo amaupinda kapena amaukhalira. Akuchikazi anati zimatengera mpando. Amalume anati ayi, pa mpando wa ndalema angathe kuutulutsira kumbuyo, koma pa sofa ngati iyi ndiye pali vuto. Akuchikazi anati nanga chitenje amamanga bwanji. Apongozi anga, amene chifikire anali asanatsegule pakamwa, anati mwina amaboola. Anthu akuluakulu atatu, zaka zawo kuphatikiza kupitirira 200, anakambirana za mchira umenewu mpaka tiyi anazizira, amalume akujambula m'malere ndi ndodo yawo mmene ungapindikire. Ine ndili pa kampando, mawondo ali m'chibwano, ukwati wanga uli pa moto, nkhani ili pa mchira.

"Pitiriza," anatero amalume.

Mwana anawerenga mizere iwiri chamumtima, makutu ake n'kuyamba kutuluka thukuta. Anati, "Agogo, apa akungopatsana moni." Anatembenuza tsamba. "Apanso moni." Tsamba lina. "Moni akupitirira."

"Anthu aulemu," anatero akuchikazi.

Mwana ameneyo ndidzamulipirira mayeso.

Kenako amalume anafunsa ngati mkaziyo ali ndi nkhoswe. Ndinati alibe, koma olemba mabukuwa amakonda kunena kuti mtundu wawo unachokera kwa Lilith, amene nthano zakale za Ayuda zimati anali mkazi wa Adamu Hava asanabwere. Akuchikazi anatsegula Genesis pomwepo, kuyenda ndi chala mutu woyamba, wachiwiri, wachitatu, osamupeza. Anatseka Baibulo mokhutira n'kunena kuti ukwati wopanda ankhoswe umathera momwemo, ngakhale dzina silituluka m'kaundula.

Apa m'pamene mayi a kunyumba analankhula koyamba chiyambire Lachinayi.

"Amaphika?"

"Saphika, mayi."

"Amachapa?"

"Ayi."

"Nanga amadya chiyani?"

Ndinayang'ana kwa amalume kuti andipulumutse. Iwo anali akudikiranso yankho. Ndinati, motsitsa mawu, "Amadya mphamvu za mwamuna."

Mayi anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku masilipasi. Anati, "Ndiye musiyeni abwere. Adzagona ndi njala."

Apongozi anga anatsamwa ndi tiyi. Akuchikazi anabisa nkhope m'Baibulo, mapewa akugwedezeka. Amalume anaseka mpaka kutsokomola, tinachita kuwamenya pamsana. Ndikufuna zidziwike kuti mawu amenewa si oona, ndipo munthu wogwira ntchito kuyambira 6 koloko madzulo mpaka 6 koloko m'mawa ali ndi ufulu wofika kunyumba n'kugona. Koma pa kampando ka ana sutsutsirapo mlandu.

Chigamulo chinali chakuti ndipepese pa gulu, ndigule nkhuku, ndipo bukulo lichotsedwe m'foni. Nkhuku ndinagula ku Mbare Musika, yodula ngati mbuzi. Kupepesa ndinapepesa, ndipo mlembi wa sosaite anayankha kuti mkazi wachiwiri akafuna kulowa m'kaundula azisonkha payekha.

Za kuchotsa bukuzo zinavuta pang'ono. Powaperekeza kokwerera kombi, amalume anandikokera pambali n'kunena kuti ndisafulumire, mlandu sutha umboni usanamveke wonse. Foni yawo ndi kambudzi, kafoni ka mabatani, siwerenga mabuku, ndiye amangondiflasha madzulo kuti ndiwaimbire ndiwauze pamene pafika nkhani. Eyataimu ndi yanga. Sakukondwa ndi mnyamata wa m'bukumo, akuti ndi wopanda mwambo, mpaka pano sanatumize munthu kwa akuchikazi.

Mchere uja sunachoke m'nsapato. Ndikayenda zimalira.