Ski yachitatu ya ku Niseko

Alamu anga, omwe akhala ku Sapporo, m'dziko la Japan, kwa zaka zambiri, amakhulupirira kuti munthu sanganene kuti wafika pa chilumba cha Hokkaido ngati sanatsetsereke pa chipale chimene sichinapondedwe ndi wina aliyense. Choncho mu Januwale, nditangodziwa kutsika m'njira zosalazidwa ndi makina popanda kugunda ana a eni, ananditenga ulendo wa ku Niseko, kumene malo anayi a masewera a ski, otsetsereka pa chipale utamanga matabwa awiri aatali kumapazi, ali m'mbali mwa phiri la Annupuri, lotalika mamita 1,308.

Chipale cha kumeneko n'chotchuka padziko lonse. Mphepo yozizira yochokera ku Siberia imatola chinyontho podutsa pa Nyanja ya Japan, ndipo ikafika pa mapiri a Hokkaido imachikhuthula pafupifupi tsiku ndi tsiku, mpaka kupitirira mamita 10 m'nyengo imodzi. Chifukwa cha kuzizira, chipalecho chimagwa chouma ndi chopepuka ngati ufa woyera wosefa bwino, moti sungachiumbe m'manja.

Wofuna kuchoka m'njira zosalazidwa saloledwa kudutsa pansi pa chingwe cha malire. Amatulukira pa mageti okhala ndi manambala, omwe amatsegulidwa pokhapokha oyang'anira akaona kuti chiopsezo cha kugumuka kwa chipale chachepa. Mlangizi wathu, mayi wa ku Japan wosachulutsa mawu, anatipatsa aliyense kachipangizo kosonyeza pamene munthu wakwiririka, fosholo ndi ndodo yaitali yofufuzira. Masewera amene amayamba ndi kugawa mafosholo amayenera kufunsidwa bwino, koma alamu anali atamanga kale mapazi awo pa snowboard, thabwa limodzi lotsetserekera, ndipo ankangomwetulira.

Poyamba zinayenda mokoma kwambiri. Ndinkayandama pakati pa mitengo, phokoso kulibe, phiri la Yotei likuonekera patsogolo, ndipo ndinayamba kukonza m'mutima mawu amene ndikauze anthu kumudzi. Ndili mkati mokonza mawuwo, nsonga ya ski yakumanzere inamira, ine n'kupitirira ndekha, mutu patsogolo.

Kugwa m'chipale chakuya sikupweteka. Chovuta n'kudzuka, pakuti palibe chogwira kapena chopondapo. Ndinatsamira imodzi mwa ndodo ziwiri zimene wa ski amagwira, ndodoyo inalowa yonse pamodzi ndi mkono mpaka paphewa. Ndinayesa kugwada, ndipo ndinamira mpaka pachifuwa. Mlangizi anandiuza modekha kuti ndipingase ndodo ziwirizo pamwamba pa chipale n'kukanikiza pakati pake, ndipo nditatero ndinaimirira, ndili mbuu thupi lonse, ski imodzi kuphazi, inzake osaoneka.

Ski ikavuka m'chipale chotere imatha kuyenda pansi osasiya chizindikiro, n'chifukwa chake anthu ozolowera amamangirira nsalu zazitali zowala kumaski awo. Anga anali obwereka ndipo analibe nsalu. Mlangizi anandionetsa kafunidwe kake: umavula ski yotsalayo n'kumacheka nayo chipale mzere ndi mzere, kuyambira pamene unayambira kugwa. Alamu anatsetsereka pang'ono, anakhala pansi chakumunsi kwathu, n'kuyamba kuyang'anira ntchito.

"Alamu, kumbani chakumanja. Ndinaiona ndi maso angawa ikulowera kumeneko," anatero.

Ndinakumba kumanja. Anati mwina kunali kumanja kwa iwowo, ndipo ndinakumba kumanzere. Thukuta linali kamukamu mkati mwa jekete pamene nsidze zinali zitauma ndi chisanu. Anyamata a ku Australia, omwe ndi ambiri ku Niseko, ankaima, kundifunira mafuno abwino, n'kumapita. Patapita nthawi yaitali ndinagunda chinthu cholimba, ndinafuula ndi chimwemwe, ndipo ndinazula ski yofiira, yaifupi, yokhala ndi zithunzi za maluwa. Yanga inali yakuda. Mlangizi anaiyang'ana mwaulemu nanena kuti zotayika zambiri zimadikira kuti chipale chisungunuke, choncho mwini wake adzathokoza kuti ndamufulumizira.

Dzuwa litapendeka, mlangizi anati tiyenera kutsika, ndipo ine ndiyenera kuyesa ndi ski imodzi. Apa m'pamene alamu anafuna kudzuka. Wa snowboard sakhala ndi ndodo, ndipo mapazi ake onse awiri amakhala omangidwa pa thabwa limodzi, choncho akakhala nthawi yaitali pamalo osatsetsereka kwenikweni amakhala wadzikumbira yekha dzenje. Anagubuduka uku ndi uku, anaitana mayina a makolo awo, ndipo pomaliza ine ndi mlangizi tinawakoka m'khwapa. Pansi pa dzenje lawolo panaonekera nsonga yakuda.

"Alamu, nthawi yonseyi munakhalira ski yanga?"

"Ndimakusungirani kuti isapitirire kumunsi," anayankha akudzisasa, nkhope ili gwa.

Madzulo ndinalowa m'sitolo yobwereketsa zipangizo nditanyamula maski atatu. Mnyamata wa pakauntala anawerenga, anayang'ana papepala, anawerenganso, kenako anawerama mwaulemu wonse wa ku Japan n'kuyang'anitsitsa miyendo yanga. Alamu, m'malo mondithandiza kufotokoza, anamuuza m'Chijapani kuti yofiirayo ndiyo ndinaikonda kwambiri, ndipo anafunsa ngati inzake ingapezeke mawa.