Amene anaphwisa m'tchalitchi ndi ampu yanga

Popeza nkhaniyi yafika kale kwa azakhali ku Ntcheu, ndipo kumeneko ikumveka kuti mpingo wonse unathawira panja, bola ndiifotokoze ndekha. Choyamba tiyeretse dzina la akulu a mpingo aja: sanali iwo.

Mukudziwa kuti gitala ya besi ndinangoitola pamene mnzathu woimba uja ananyamuka ulendo wa ku Joni. Gitala anasiyira mpingo, koma ampu, bokosi lokuzira mawu a gitalayo, anagulitsa kuti apeze ya basi. Ine nditalandira chipereganyu ndinatsikira ku Limbe. M'sitolo yeniyeni ya zida zoimbira ndinalowa, n'kuona mitengo, n'kutuluka ndikuyankha foni yosaitana. Kenako m'kanjira kena ndinapeza mkulu wogulitsa katundu wakale: mafiriji, mawailesi, masimbi ositira. Pakona panali kabokosi kakuda, pamphumi pake atamatapo chipepala chonyezimira cholembedwa kuti 1000W PMPO.

"Achimwene, imeneyi ndi ya besi?"

"Bigi, imeneyi sisankha. Besi, kiyibodi, maiki, ngakhale ulaliki imatulutsa."

Inu amene mukuti bwanji sindinaiyese, magetsi anali atazima Limbe yense. Ndikanaiyatsa ndi chiyani, makala? Kunyumba ndinaiyesa ndithu, koma zenera langa limayang'anizana ndi la alandilodi, ndipo ndili nawo kangongole, choncho voliyumu sinapitirire pa 2. Pa 2 imaimba bwinobwino, mpaka lero ndikhoza kulumbira.

Lamulungu chingwe changa chinapezeka chachifupi, ndiye ampu ndinaiika pansi, m'mbali mwa benchi yakutsogolo, pomwe pamakhala akulu a mpingo. Nyimbo zothamanga zitayamba, woimba ng'oma anandikwirira ndense. Zala zikuyenda, thukuta likutsika, koma ngakhale ine mwini osadzimva. Ndinapotokola voliyumu mpaka kumapeto, kabatani ka besi nakonso mpaka kumapeto. Munthu wa ma watt 1000 aopa chiyani?

Ndiye abusa anati, "Tiweramitse mitu." Ng'oma zii. Wa kiyibodi akungosisita chapansipansi. Wotsogolera nyimbo ananditsinzinira kuti ndiyalepo liwu limodzi lalitali pansi pake. Ndinakoka nsambo yaikulu ija, ya E, osaigwira paliponse, ndi mtima wonse.

Pwrrrrrrrrr.

Anthuni, nsambo ya E sifulumira kutonthola. Phokosolo linayamba mwamanyazi, linakula, pakati linadukiza kuti liganize kaye, kenako linapitiriza ndi mphamvu zatsopano, n'kumalizira ndi kamchira kokwera m'mwamba kofunsa funso. Abusa anaima pakati pa "Atate wathu wa". Mpingo wonse unatsegula diso limodzi, ndipo maso onsewo anapita kumene kunachokera phokoso. Kumeneko kunali akulu a mpingo, jekete yositidwa, Baibulo pamwendo, munthu amene sanasekepo pagulu chiyambire ulamuliro wa zipani zambiri. Bambo amene anayandikana nawo anasendera pang'onopang'ono mpaka theka la thupi linali lendee kunja kwa benchi. Mwana wina kumbuyo anayamba kuti, "Amayi, agogo aja a…" dzanja n'kumutseka pakamwa. Mayi wina anayamba kudzikupiza ndi buku la nyimbo, wina anaphimba mphuno ndi chitenje. Mayi, fungo lake liti? Bokosi lili ndi mimba? Koma ndikukuuzani, pali anthu mpaka pano akuumirira kuti analimva.

Ine ndinatsinzina kwambiri kuposa wina aliyense. Sindinapempherepo mozama chotero.

Akuluwo anadzuka mwaulemu, anakonza jekete, n'kuyamba kuyenda cha kukhomo, osayang'ana kumanja kapena kumanzere. Akanatuluka, nkhani ikanathera pa iwo, ine bwenzi lero ndikuseka nanu limodzi. Koma dzanja langa linkanjenjemera, ndipo pofuna kugwira nsambo kuti isayerekezenso, chala chachikulu chinaikodola. Pwi. Kafupi, koma komveka, kochokera pa benchi yopanda munthu. Maso a mpingo anatsikira pa kabokosi, anatsata chingwe pang'onopang'ono, anakwera nacho mpaka pamimba panga. Woimba ng'oma anagwa pampando.

M'mawa mwake ndinapita nayo kwa mmisiri wokonza mawailesi ku Ndirande. Anangoitembenuza n'kuyamba kuseka asanagwire n'komwe sikuludiraiva.

"Akulu, kumbuyo kotsegulaku simunakuone? Iyi ndi ya gitala wamba, ya ma watt 15. Chipepalachi anachimatula pa wailesi."

Anandionetsa pepala la sipika litang'ambika m'mphepete, n'kundiphunzitsa zaulere. Akuti E ya gitala wamba imanjenjemera ka 82 pa sekondi, pamene E ya besi ndi ka 41 kokha. Kuti liwu lotsika chotero limveke, pepala la sipika liyenera kupita kutali kutsogolo ndi kumbuyo, kukankha mpweya wambiri. Sipika ya gitala sanaipangire ulendo umenewo, ndipo bokosi likakhala lotsegula kumbuyo palibe mpweya woibweza, ndiye pepala limangopupuma mpaka kufika pamapeto pake. Kupupumako ndi kumene munamva kuja. Za PMPO anati ndi nambala yokopera ogula, yoyenera kufunsa ndi RMS, yomwe imanena mphamvu yeniyeni ya ampu. Ngakhale ma ampu enieni a besi aang'ono, monga Fender Rumble 15 kapena 25, sipika yake ndi ya mainchesi 8 ngati yangayi, kungoti anaipangira besi ndipo kumbuyo n'kotseka. Koma nawonso ndi ophunzirira m'chipinda. Ukafuna kumveka pali ng'oma, uyambire cha pa ma watt 100 ndi sipika ya mainchesi 12 kapena 15. Anawonjeza kuti ndiyamike, chifukwa zina zochokera ku America zimakhala za 120V, ndipo ukazilumikiza ku magetsi athu a 230V zimatulutsa utsi. Utsi bwenzi zili bwino, achimwene. Utsi anthu amakumvera chisoni.

Chimene chikundiwawa ndi mnyamata wa pa mikisa, uja amayendetsa makina osakanizira mawu a zoimbira zonse. Zonse zitachitika ndi pamene akundiuza kuti m'kabati ya tchalitchi muli kabokosi kotchedwa DI, kolumikizira besi ku mikisa kuti izitulukira m'masipika akuluakulu a mpingo, popanda kugula ampu iliyonse. Akuti sindinamufunse. Munthu angafunse bwanji chinthu chimene sanachimvepo? Anandiona ndikulowa nditasenza bokosi pamutu, anandithandiza n'kulitula komwe. Koma pa zonsezi woseketsa ndine.

Kwa akulu a mpingo ndinapita ndi tambala. Analandira tambalayo, koma moni sanayambebe kuyankha. Wogulitsa uja ndikamudutsa amandifunsa kuti, "Bigi, ikugunda?" ndipo ine ndimati ikugunda, chifukwa bodza palibepo.

Sipika mmisiri anaimata ndi guluu. Woimba gitala wathu akuifuna, koma akuti ndimupatse ulere popeza ili ndi mbiri yoipa. Ine ndikuti mbiri ndi imene ikweze mtengo. Tikukambiranabe.